Galimoto ya ababa yomwe inkalira ikafuna

Cholinga changa chinali chabwino, anzanga, ndiyambe ndanena zimenezo musanayambe kuseka. Ndinkangofuna kuti achemwali anga a Rozina akafike kutchalitchi pa galimoto ya ababa tsiku la ukwati wawo. Basi. Kodi pamenepa pali choipa?

Zinachitika titangolowa kumene m'matipate, nthawi imene aliyense ankayankhula zakukhosi, m'minibasi, pamsika, pachitsime, ngakhale asanafunsidwe. Ine ndekha ndiye ndinatsala ndi manyazi anga a chipani chimodzi. Ndinali nditangomaliza kukoleji maphunziro a zamulabotale, ndikudikira ntchito kunyumba kwa makolo ku Zingwangwa, ndipo ntchito yanga yeniyeni inali kuyang'ana anthu. Ndinkadziwa amene wadutsa pampanda, amene wavala nsapato zobwereka, amene akwiyitsana. Ndinkadziona ngati maso a nyumba yonse.

Ababa ankagwira ntchito m'fakitale ina ku Makata. Galimotoyo anaigula kwa wansembe wina wachizungu wa kumishoni kwathu ku Nsanje, amene ankabwerera kwawo atakalamba. Inali yoyera, yakale ndithu, koma ababa ankaikonda ngati mwana wachisamba. Petulo anali wodula, ndiye kuntchito ankapita pa minibasi, galimoto n'kumatuluka Loweruka, Lamulungu, kapena kukagwa maliro. Vuto lake linali limodzi. Tsiku lina ukangokhudza kiyi, vuuu, yalira. Tsiku lina tche-tche-tche-tche, injini ikutembenuka bwinobwino koma kulira ayi. Ababa anaipatsa dzina loti Nkhabe, poti kwathu ku Nsanje munthu akati nkhabe ndiye kuti wakana, usavutike naye.

Ikatero ababa ankatsika, kutsekula boneti, kugogoda apa ndi sipanala, kugwedeza waya apo, kubwerera, kuyesanso, kutsikanso, mpaka mtima utawira. Pomaliza ankadziponya pampando atakwiya, n'kupotokola kiyi ngati akupotokola khutu la mbuzi, vuuu, yalira. Ndiye chimene agogoda komaliza tsiku limenelo ndicho chinkatenga ulemu.

Makaniko wathu anali a Namakhwa a ku Ndirande, mnzawo wa ababa kuyambira kale, chimunthu chachikulu chamimba. Akaitanidwa ankafika akupukuta thukuta, kudziponya pampando, kiyi, vuuu, kamodzi kokha.

"Achimwene, galimoto iyi ilibe matenda," ankatero. "Imangofuna kudziwa kuti bwana ndani."

Tsono ukwati wa a Rozina utayandikira, ankhoswe akuchimuna anabwera kudzakambirana za dongosolo. Anali bambo aulemu, ndipo anali ndi galimoto yatsopano yonyezimira, yoti ukhoza kupesera tsitsi pachitseko chake. Ananena mosamala kuti ngati pangafunike, yawoyo ikhoza kunyamula mkwatibwi. Ababa anamwetulira, koma ine ndinaona chala chawo chikugogoda pabondo.

"Takhuta kwambiri, bambo," anatero ababa, kuthokoza m'Chisena chakwathu. "Koma mwana wanga achoka pakhomo pano pa galimoto ya bambo ake."

Alendo atapita amayi anangoti, "Mwalonjeza ndi pakamwa panu, koma woyenda ndi Nkhabe." Ababa anatuluka kukaima pafupi ndi galimotoyo, dzanja lili padenga pake, nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene ndinati ayi, sukulu yanga igwire ntchito. Kukoleji anatiphunzitsa kuti chinthu chochitika mwa apo ndi apo chimagwidwa ndi kulemba: lemba zonse, chifukwa chake chidzaonekera chokha. Ndinagula kope latsopano pagolosale, ndinajambula mizere ndi lula: tsiku, kunja kunacha bwanji, petulo analipo wochuluka bwanji, anayesa ndani, yalira kapena yakana.

Ndiulule kanthu kena kaye, kamene panthawiyo ndinkati n'kapambali, sikakukhudza nkhaniyi. Ndinkalakalaka kuyendetsa galimoto. Kunena sindikanatha, ine munthu woti kupempha mchere patebulo ndinkayamba ndayeserera mumtima. Ndiye masiku ena ababa akapita kuntchito, a Rozina kutauni kumene ankataipa makalata, amayi kumsika, ndinkatenga ndowa ndi sopo, ati kutsuka galimoto. Ndikatsuka kunja ndinkalowera chitseko chakumbuyo chimene sichinkakhoma, kudumphira kutsogolo, kukokera mpando pafupi ndi chiwongolero poti ine ndine wamfupi pamene ababa ndi mlongoti wa munthu, n'kuyamba ulendo. Kiyi ababa ankayenda naye m'thumba, choncho injini ndinali ine ndemwe, ya pakamwa. Kilatchi, giya wani, giya thu, vuuum, kutsika mapiri a ku Chikwawa mosamala, kuwoloka Shire, Nchalo, Bangula, mpaka ku Nsanje, ndikutchula malo onse ngati kondakitala. Ndikafika ndinkabwezera mpando m'malo mwake pang'onopang'ono, mwakachetechete, kuti ngakhale nkhuku zisamve. Chinsinsi changa chinali chotsekedwa bwino. Ndi mmene ndinkaganizira.

Ndinayamba ndi batire. Ndinabwereka buku la zamagalimoto kwa mnzanga wina wa kukoleji, ndipo bukulo linati mitu ya batire ikachita zoyerayera moto sudutsa bwino. Ndinawiritsa madzi, kuthira soda wa amayi wophikira therere, kutsuka mituyo mpaka inawala. Popukuta ndinatenga nsalu imene inali pafupi pachingwe. Mukudziwa inali nsalu yanji? Ya bungwe la amayi a kutchalitchi, imene amayi amavala pa misa yaikulu. Ndinaibwezera pachingwe bwinobwino, ndikuti yangonyowa. M'mawa mwake amayi akuitambasula, mabowo, mabowo, mabowo, ngati yadyedwa ndi mbewa zophunzira.

"Lusiya! Nsalu yanga yalowa m'nkhondo iti?"

Ndinafotokoza za asidi wa m'batire, mawu akutuluka pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wa ku Zingwangwa. Amayi anayang'ana kumwamba kudzera m'bowo lina n'kunena kuti, "Ambuye, ndinapempha mwana wophunzira, mwandipatsa. Sindidandaula." Loweruka lake Nkhabe inakana ngati kale.

Kodi ndinasiya? Munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinatsekula tsamba lina la buku lija, pamene panalembedwa kuti mawaya a mapulagi akalowa chinyezi galimoto imavuta kulira. Ndinabwereka ovolosi ya ababa, kupinda miyendo katatu, kuzula mawaya onse anayi, kuwayanika pamphasa pambali pa ufa wa amayi. Atauma ndinawabwezera. Anali ofanana onse, akuda, ndiye ndinati aliyense alowe pamene wafuna, si matipate awa? Sindinadziwe kuti aliyense ali ndi khomo lake.

Lamulungu m'mawa tonse tavala za kutchalitchi, ababa anayesa, yakana, anatsika, anagogoda, anabwerera atakwiya, anadziponya pampando, kiyi. PHUUU! Anzanga, sindinamvepo kulira kotero. Utsi wakuda kumbuyo, nkhuku pamwamba pa bafa, agalu a mzere wonse kuuwa. Masiku amenewo anthu anali asanaiwale kulira kwa mfuti m'tauni, ndiye amake Dalitso, aneba athu a kuseri kwa mpanda, anagona chafufumimba m'dimba lawo la mpiru akukuwa kuti, "Zayambanso! Zayambanso!" Tinapita kutchalitchi wapansi, mochedwa, ababa patsogolo osatembenuka.

A Namakhwa atabwera anangoyang'ana kamodzi n'kuyamba kuseka, mimba ikugwedezeka.

"Wagwira apa ndani? Waya wa kwa Phiri wakalowa kwa Banda!"

Ndinakweza chala ngati m'kalasi.

"Ooo, a Injiniya! Pepani, sitinadziwe kuti pakhomo pano pali a Injiniya." Anabwezera mawaya, anadziponya pampando, vuuu. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali limenelo, mpaka ana a mumsewu.

Koma kope langa linali likudzaza, ndipo tsiku lina ndikuliwerenga ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa mtima. Nthawi zonse zimene Nkhabe inakana, ndinali nditaitsuka mkati mwa sabata imeneyo. Sabata zimene sindinaitsuke, inkalira kamodzi. Zonse, popanda yophonya! Ndinamva ngati ndatulukira mankhwala a malungo. Madzulo tikudya ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo: ndinayankhula osafunsidwa.

"Ababa, ndapeza vuto. Ndi madzi. Galimoto ikatsukidwa, madzi amalowa mu injini."

Ababa anasiya kudya, anavala magalasi, anawerenga kope lonse mzere ndi mzere. Atamaliza anandiyang'ana monyadira mpaka ndinafuna kulowa pansi pa tebulo.

"Mwamva? Sukulu imeneyo. Kuyambira lero Nkhabe isasambenso."

"Ndiye mkwatibwi akwere galimoto yosasamba?" anafunsa a Rozina.

"Ndizingoipukuta ndi kansalu kouma," ndinatero msangamsanga. Mukuona kuchenjera kwake? Madzi ndinawasiya, koma ulendo wa ku Nsanje sindinausiye. Lachiwiri ndinapukuta, ndinakokera mpando, ndinapita, ndinabwerako bwino.

Lamulungu, tche-tche-tche-tche. Yakana, youma gwa ngati chikonyo. Ababa anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kope. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka madzi odalitsidwa.

"Amayi, madzi ayi!" ndinakuwa.

"Awa si madzi ako a m'ndowa," anatero, akuwaza paboneti, pamatayala, ndi ine ndemwe pang'ono. Ababa, amene anali atatopa ndi tonsefe, anadziponya pampando akung'ung'udza m'Chisena, kiyi, vuuu. Amayi anatseka kabotolo kawo pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

"Lemba m'kope," anatero.

Ndinalemba. Nanga ndikanatani?

Tsiku la ukwati linafika tisanapeze chilichonse. Ababa anali atathira petulo wodzaza, a Namakhwa anali ataiyesa Lachisanu madzulo, inalira katatu konse. M'mawa wa Loweruka ntchito yokongoletsa galimoto anandipatsa ine: maliboni oyera kuchokera paboneti mpaka pamagalasi, maluwa a mapepala pazitseko. Anthu onse anali kuseri, ena akuphika, ena akuveka mkwatibwi. Nditamaliza ndinaima patali n'kuiyang'ana. Inali itakongola, anzanga, Nkhabe inali ngati mtsikana. Ndiye kamtima kaja kanati, Lusiya, udzapezanso liti mwayi woyendetsa galimoto ya ukwati? Mphindi ziwiri zokha. Ndinalowa ndi diresi langa la operekeza mkwatibwi, kukokera mpando, kuzungulira raundabauti ya m'mutu mwanga kawiri ndikubayibitsa anthu, basi, n'kubwezera mpando mwaulemu monga mwa nthawi zonse.

Nthawi itakwana a Rozina anatuluka, nthungululu zili wiriwiri, amayi akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Anawakhazika kumbuyo, diresi litadzaza mpando wonse. Ababa anatuluka atavala suti imene inasokedwa iwo asananenepe, ndipo amayi anali atawalumbiritsa kuti lero lokha asakwiye, zivute zitani. Ndiye analowa m'galimoto ngati akukhalira mazira, kuopa kung'amba buluku.

Tche-tche-tche-tche.

Ababa anamwetulira. Anatsika, anatsekula boneti ndi zala ziwiri, anagogoda pang'ono, anabwerera, anakhala mwaulemu. Tche-tche-tche-tche. Amayi anawaza madzi aja. Ababa anakhalanso mwaulemu, akumwetulirabe, thukuta likutsikira m'kolala. Tche-tche-tche. Nyimbo za azimayi pageti zinayamba kuzilala, mmodzimmodzi akusiya. Achinyamata anakankha mpaka pamsewu, yakana, anaikankhanso kubwerera. A Rozina anakweza velo pang'ono n'kundinong'oneza pawindo.

"A Injiniya, kope likuti chiyani tsopano?"

Kenako galimoto yonyezimira ija inaima pageti. Ankhoswe akuchimuna anatsika, anavula chipewa, anayandikira ababa n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ansembe akudikira. Ngati simudandaula, yathuyi ilipo." Sananene monyoza, ndipo mwina zikanapepuka akananyoza. Ababa anachotsa kiyi, anamuika m'thumba, anapita kuchitseko chakumbuyo n'kuchitsekula, natambasula dzanja kuti atsitse mwana wawo. Nkhope imene ndinaona pamenepo sindifuna kudzaionanso.

Mwamwayi nthawi yomweyo pikiapu ya a Namakhwa inatulukira. Anali atakasiya azimayi oyimba kutchalitchi, ndipo anabwerera kudzaona chimene chatichedwetsa.

"Musatsike, mkwatibwi! Achimwene, kiyi!"

Anadziponya pampando ndi thupi lawo lonse. Ine ndinali nditaima pachitseko pomwepo, ndipo ndinamva kamawu kamene ndinali nditakamva kambirimbiri osakalabadira: khwa! Mpando unabwerera kumbuyo mpaka pothera. Kiyi, vuuu!

Nthungululu, kuvina, amayi kukumbatira a Namakhwa. Koma m'mutu mwanga masamba a kope ankatembenuka okha. Ababa akakwiya, khwa, imalira. A Namakhwa akakhala, khwa, imalira. Ababa a suti, okhala mwaulemu, yakana. Tsono munthu wanzeru akanatani? Akanakhala chete, ukwati uchitike, nkhaniyo adzainene Lolemba. Koma ine, amene ndinakhala chete zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinasankha mphindi imeneyo kutsekula pakamwa.

"Ndi mpando! Si madzi, ndi mpando! A Namakhwa, tatsikani muone!"

Anatsika modabwa, injini ikulira bwinobwino. Ine ndinawerama, kugwira kachitsulo ka pansi pa mpando mwaukatswiri, kukokera kutsogolo. Injini inangoti zii.

Anzanga, kunagwa bata loti ndinamva mafuta akuthetheka m'chiwaya kuseri kwa nyumba. Ndazimitsa galimoto ya mkwatibwi, mkwatibwi ali momwemo, ansembe akudikira, anthu a mbali zonse ziwiri akuona.

A Namakhwa anagwada ndi suti yawo m'fumbi, analowetsa dzanja pansi pa mpando, anafufuza, kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, bwerani muone nzeru za wansembe wanu! Kaswichi kobisika aka, koopera akuba. Mpando ukapita kutsogolo umakagunda, moto n'kuduka. Ukabwerera mpaka pothera umakayatsanso. Koma ukaubweza monyengerera, sufikapo." Anadzuka akusasa mawondo, kenako anaima, anayang'ana miyendo ya ababa kuyambira pansi mpaka m'chiuno. "Komano inu ndi wamtali chonchi. Mpando umakatani kutsogolo?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndiye kuseri kwa mpanda kunachokera mawu a amake Dalitso, okweza, osangalala.

"Aaa, si adalaivala athu a m'mawa aja! Lachiwiri anafika mpaka ku Nsanje. Potsika mapiri a ku Chikwawa ine ndikuyanika zovala ndinachita kuwapempherera, poti mabuleki ankalira kwambiri!"

Anthu anagwa nacho chiseko. Wina anati iye amakonda pamene ndimaima pa Nchalo kuti anthu agule nzimbe. Mayi wina wogulitsa tomato, woti sindinayankhulanepo naye chibadwire, anati ndimaiwala kuonetsa dzanja pokhota. Galasi lakumbuyo la Nkhabe silinkatsekeka mpaka pamwamba, ndipo mpanda wathu unali wa bango. Mzere wonse unkadziwa! Ine maso a nyumba yonse, woona nsapato zobwereka za anthu, ndinali sinema yaulere ya m'mawa.

Ndinayang'ana ababa ndikudikira mkuntho. Iwo anali akupukuta misozi ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

"Ababa, munkadziwa?"

"Mwana wanga, galasi loonera kumbuyo ndinkalipeza litayang'ana pansi sabata ndi sabata. Ndinkati Nkhabe ikuonera chiyani pansipo? Ndinkangolikonza, kudikira kuti upemphe wekha." Anandigwira paphewa n'kundisuntha pang'ono. "Tsono a dalaivala, tabwerekeniko galimoto yanu, tikasiye mkulu wanu kutchalitchi."

Anakhala pampando, anaponda pansi ndi miyendo yonse iwiri, khwa, ndipo buluku lija linang'ambikadi kumbuyo, koma Nkhabe inalira kamodzi. A Rozina anachoka pakhomo pa galimoto ya bambo awo, hutala ikulira msewu wonse, galimoto yonyezimira ikutsatira pambuyo. Ababa anaperekeza mwana wawo kuguwa jekete atalikokera pansi, akuyenda ngati msilikali. Kumadyerero wolengeza mwambo anandiitana kuti ndikavine pakati ndi dzina loti adalaivala a ku Nsanje, ndipo ndinavina, nanga manyazi anali atatsalanso oti ndisunge?

Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi, ababa anakhotera pabwalo la mpira la sukulu ina, anatsika, anandipatsa kiyi. A Namakhwa anali atachotsa kale kaswichi kaja.

"Injini ya pakamwa ipume," anatero. "Kokera mpando."

Kope lija amayi analisunga, amalitulutsa alendo akabwera. Ndinalemba mmenemo mitambo, petulo, madzi a m'ndowa ndi madzi odalitsidwa, chinthu chimodzi chokha ndicho sindinalembe: ine mwini wake. Ndiye ndinalumbira, anzanga, kuti sindidzafufuzanso vuto la pakhomo ndisanayambe ndadzifufuza ndekha, ndipo chinthu ndikachifuna ndizipempha ndi pakamwa, osati kuchita vuuum. Mpaka lero ndikatsika m'galimoto ya munthu, mpando ndimaubweza ndi mphamvu zanga zonse, khwa, amve ndi aneba omwe.